IgG4 ya bambo yakwera, kodi ndiye kuti si khansa ya kapamba?

MwanaWachisamba
Moni nonse. Amene mumadziwa za kuyeza magazi ndithandizeni, mutu waima. Bambo anga, a zaka za m'ma 60, agwidwa chikasu. Maso achikasu, mkodzo woderako kwambiri, chimbudzi chotuwa, thupi kuyabwa usiku wonse mpaka adzikanda zilonda m'miyendo. Koma m'mimba simukuwawa ngakhale pang'ono. Atawajambula anapeza kuti kumutu kwa kapamba, chiwalo chija chimapanga insulin, kwatupa ndipo kwatsina njira ya ndulu. Dokotala woyamba anatiuza kuti tilimbe mtima, mwina ndi khansa. Wachiwiri anati ayeze kaye IgG4, poti alipo matenda ena otchedwa autoimmune pancreatitis amene amaoneka ngati khansa koma amamva mankhwala. Zotsatira zatuluka: IgG4 ndi 190 mg/dL, ndipo pa pepalapo alemba kuti malire ndi 135. CA 19-9, imene amayeza m'magazi akamakayikira khansa ya kapamba, nayo yakwera. Azichemwali anga ayamba kale kuthokoza kuti si khansa, ine mtima sukukhala m'malo. Kodi 190 ikutanthauza kuti tapulumuka? Nanga akufuniranjibe kutenga kanyama ka kapamba ngati magazi ayankha kale?

Kambalame22
Pepani ndi matenda. Koma ngati malire ndi 135, iwo ali pa 190, ndiye kuti yakwera basi. Azichemwali anu akunena zoona.

WaMuLabu
A Kambalame22, tisafulumire. Kukwera yakweradi, koma yakwera motani? Ntchito yanga ndi yoyeza magazi, ndiye ndifotokoze mmene nambala imeneyi imawerengedwera.

IgG ndi gulu la ma antibody amene chitetezo cha m'thupi chimapanga, ndipo ilipo mitundu inayi. IgG4 ndiyo yochepetsetsa, kawirikawiri siipyola magawo 5 pa 100 a IgG yonse. Mu 2001 madokotala a ku Japan, motsogozedwa ndi Hamano, anaonetsa kuti odwala matenda a kapamba amenewa amakhala ndi IgG4 yochuluka m'magazi, ndipo 135 imene mwaiona pa pepalayo inachokera kumeneko. Malabu ena amaika 140. Poyamba anthu anayesa apeza choyezera chosaphonya. Kenako mu 2007 a ku Mayo Clinic, ku America, anatulutsa zimene anapeza atayeza anthu ambiri, kuphatikizapo odwala khansa ya kapamba. Mwa odwala khansawo, pafupifupi mmodzi pa 10 alionse nayenso IgG4 yake inali pamwamba pa malire. Koma amene inawakwerera kupyola 280, kutanthauza malire aja a 140 kawiri, anali pafupifupi mmodzi pa 100.

N'chifukwa chake ndondomeko ya akatswiri a mayiko osiyanasiyana imene inatuluka mu 2011 imagawa pawiri. Ikapyola malire kawiri, umenewo ndi umboni wamphamvu. Ikakhala pakati pa malire ndi kawiri kwake, ndi umboni wofooka umene umafuna anzake. 190 ya bambo anu ili m'gulu lachiwirili. Onjezaninso kuti khansa ya kapamba ndi yofala kwambiri kuposa autoimmune pancreatitis. Ndiye munthu wamkulu akabwera ndi chotupa kumutu kwa kapamba ndi IgG4 yokwera pang'ono chabe, dokotala wosamala sangaichotse khansa m'maganizo.

MwanaWachisamba
Zikomo a WaMuLabu, ngakhale kuti mwandibwezera nkhawa. Ndiye ikanakhala 400 tikanapuma?

DokotalaWaMimba
Mukanapumako, koma kujambula ndi zina zija zikanafunikabe. Matendawa sapezeka ndi magazi okha, zivute zitani. Timaona zinthu zisanu pamodzi: mmene kapamba ndi kanjira kake kam'kati zikuonekera pa sikani, IgG4, ngati ziwalo zina zakhudzidwa, zimene kanyama kakuonetsa pa maikulosikopu, ndiponso mmene chotupacho chikumvera ma steroid.

Sikani ikaonetsa kapamba yense atatupa ngati soseji, ndi kamzere kozungulira m'mphepete mwake, IgG4 yokwera pang'ono imakwana kutitsimikizira. Vuto ndi la ngati bambo anuli, pamene kutupa kuli malo amodzi. Apo ndi pamene matenda awiriwa amafanana kwambiri, ndipo umboni umafunika wochuluka. Kafunseni kuti kanjira ka m'kapamba kakuoneka bwanji kuseri kwa chotupacho. Khansa imakonda kukatseka pamalo amodzi mwadzidzidzi, kuseriko n'kufutukuka kwambiri, kapamba wa kumchira n'kufota. Matenda enawa amakonda kukapanikiza mtunda wautali kapena malo angapo, koma kuseri osafutukuka kwenikweni.

Inunso ndikufunseni. Bambo anayamba atupapo pansi pa chibwano mbali zonse ziwiri, kapena pamwamba pa zikope? M'kamwa mumawauma? Impso zawo anaziona pa sikani ija? Matendawa ali ndi mitundu iwiri, ndipo mtundu woyamba si wa kapamba yekha. Umagwira tiziwalo ta malovu ndi ta misozi, njira za ndulu, impso, ngakhale minofu ya kuseri kwa mimba kufupi ndi mtsempha waukulu. Kamisawa ndi anzake ku Japan ndi amene ananena mu 2003 kuti zonsezi ndi nthenda imodzi yoyenda m'thupi lonse.

Tsabola
Ine sindikumvetsa. Mukuti matendawa amamva ma steroid monga prednisolone msangamsanga. Bwanji osangowapatsa, akachira tidziwe kuti sinali khansa? M'malo mozunza munthu wamkulu ndi masingano otengera kanyama.

NamwinoWopuma
Ayi a Tsabola, chonde musawalangize zimenezo. Ndagwira ntchito m'mawodi zaka zambiri ndipo ndaona chimene prednisolone amachita. Munthu wa khansa mukamupatsa amadzuka, amayamba kudya, amaseka ndi adzukulu, achibale n'kumati wachira. Chotupa chili chikulirekulire. Pofika pozindikira, nthawi imene akanatha kuchitidwa opaleshoni yapita. Palinso khansa ina, lymphoma, imene imaphwadi kwa kanthawi ndi ma steroid, ndipo ikatero ngakhale atenge kanyama zimavuta kuiona.

Tsabola
Koma a Dokotala anena okha kuti kumva ma steroid ndi chimodzi mwa zisanu zija.

DokotalaWaMimba
Ndanenadi, koma chimabwera pomalizira. Timayesa mankhwalawo pokhapokha tafufuza khansa ndi singano osaipeza, ndipo pali kale zizindikiro zina zoloza ku autoimmune pancreatitis. Timapereka kwa milungu iwiri, kenako timajambulanso. Chimene timayang'ana ndi sikani: kodi chotupa chaphwa, kanjira katseguka? Sitiyang'ana kuti wodwala akumva bwino. Sitidaliranso kutsika kwa IgG4, chifukwa ma steroid amaitsitsa mwa wina aliyense, wa khansa yemwe. Sikani ikapanda kusintha, nkhani ya opaleshoni imabwereranso tsiku lomwelo.

MaiAMapasa
Ndilowererepo ndi mbali inayo. Amuna anga IgG4 yawo inali bwinobwino, sinakwere n'komwe, koma matenda anali omwewa. Iwo ali ndi zaka za m'ma 30 ndipo akhala akudwala zilonda za m'matumbo aakulu, ulcerative colitis. Anayamba kumva ululu pamwamba pa mchombo wolasa kumsana. Magazi atatuluka, dokotala wina anati autoimmune pancreatitis iiwaleni, IgG4 ili pansi. Tinayendayenda mpaka wina anatenga kanyama, m'pamene anati ndi mtundu wachiwiri. Ndiye a MwanaWachisamba, nambala imeneyi imasokoneza mbali zonse. Kwa inu yakwera koma sikutsimikiza, kwa ife sinakwere koma matenda analipo.

WaMuLabu
Zoonadi amayi. Mtundu wachiwiri ulibe chizindikiro chake m'magazi. Umagwira anthu ocheperako zaka, amuna ndi akazi mofanana, ndipo umayenda kawirikawiri ndi matenda a matumbo ngati amene mwatchulawo. Umadziwika ndi kanyama basi, mmene maselo oyera otchedwa neutrophil amaoneka atalowerera m'khoma la tinjira ta kapamba. Ngakhale mtundu woyamba womwewo, pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi kapena atatu alionse IgG4 yake imakhala yosakwera.

Palinso china cha ku labu kwathu chimene madokotala ena amachiiwala. IgG4 ikachuluka mopyola muyeso, makina ena amasokonezeka n'kupereka nambala yotsika. Timati prozone. Mankhwala oyezera amachepekedwa ndi kuchuluka kwa chimene akuyezacho. Kukonza kwake n'kosavuta, timasungunula magaziwo n'kuyezanso. Dokotala akaona kuti wodwala watupa ziwalo zingapo, IgG yonse yakwera, koma IgG4 ikuoneka yabwino, atiuze tiyezenso mosungunula.

Chikondi_M
Pepani kulowetsa zanga. Ine pepala langa lalembedwa 1.6 ndipo ena mukunena ma 190. Ndiye kuti yanga ndi yotsika kwambiri?

WaMuLabu
Onani chimene chalembedwa kutsogolo kwa nambalayo. Ngati ndi g/L, 1.6 ndi chimodzimodzi ndi 160 mg/dL, ndipo malire aja a 135 amalembedwa 1.35. Anakuyezani chifukwa chiyani?

Chikondi_M
Ndi g/L. Ndili ndi mphumu ndi ziwengo za pakhungu, anangoyeza zinthu zambiri nthawi imodzi. Kapamba sanandivutepo. Koma chiwerengereni za matendawa sindikugona.

WaMuLabu
Gonani achemwali. Mphumu ndi ziwengo zimakweza IgG4 pazokha. Likodzo ndi njoka zina za m'thupi zimaikwezanso, chifukwa IgG4 imachuluka thupi likakhala nthawi yaitali likukumana ndi chinthu chimodzimodzi chachilendo. Ngakhale mwa anthu abwinobwino, pafupifupi 5 pa 100 alionse amapezeka atadutsa malire pang'ono. Popanda chikasu, popanda chotupa, 160 payokha si matenda a kapamba. Mukapita kukaonana ndi dokotala wanu mukaitchule, basi.

MwanaWachisamba
Za likodzo mwanenazi, bambo anadwalapo ali mnyamata. Zingakhudze?

DokotalaWaMimba
Muwauze madokotala awo. Ngati linachiritsidwa kalekale mwina silikukhudza, koma ndi bwino adziwe, ndipo kuyeza ngati lilipobe n'kosavuta. Asanayambe ma steroid timafunanso kudziwa za TB, matenda a chiwindi a hepatitis B ndi njoka za m'mimba, poti mankhwalawa amafooketsa chitetezo.

WophunziraUdokotala
Ndawerenga kuti pali ma antibody ena amene angathandize kuposa IgG4. Olimbana ndi mapuloteni a m'thupi otchedwa carbonic anhydrase II ndi lactoferrin, ndiponso aja anafalitsidwa mu 2009 ndi Frulloni ndi anzake a ku Italy, olimbana ndi puloteni ya kachilombo ka Helicobacter pylori. Posachedwapa kwabwera laminin 511, annexin A11 ndi galectin-3. Bwanji osapempha zimenezo? Komanso kuwerenga maselo opanga ma antibody otchedwa ma plasmablast m'magazi, amene amakwera ngakhale IgG4 ili yabwino.

WaMuLabu
Mwawerenga bwino achimwene, koma tisawatumize anthu kukafuna zinthu zimene sangazipeze pa fomu ya labu. Zonse mwatchulazo ndi za ofufuza. Za Helicobacter zija zinasangalatsa anthu zitangotuluka, koma ena atabwereza sanapeze zofanana. Carbonic anhydrase ndi lactoferrin zimapezekanso m'matenda ena a chitetezo, sizisiyanitsa kanthu. Laminin 511 ndi zinzakezo zimapezeka mwa odwala ena, osati onse. Ma plasmablast ndikuvomereza kuti ali ndi tsogolo, koma amafuna makina a flow cytometry ndi magazi ongotengedwa kumene, ndipo amakweranso m'matenda ena. Palibe chimodzi mwa izi chimene chili mu ndondomeko ya 2011 ija.

WophunziraUdokotala
Koma ANA ndi rheumatoid factor, ma antibody olimbana ndi thupi lomwe, zinalimo m'ndondomeko ya ku Japan ya 2002, pamodzi ndi IgG yonse.

WaMuLabu
Zinalimo, ndipo zinachotsedwa pambuyo pake chifukwa zimakwera mwa anthu ambirimbiri amene alibe vuto la kapamba. Zimene zimathandizako monga zongoperekeza ndi izi: maselo oyera otchedwa eosinophil ndi antibody wa ziwengo wotchedwa IgE zimakwera mwa odwala ena, ndipo mapuloteni a chitetezo otchedwa C3 ndi C4 akatsika timakayikira kuti impso zakhudzidwa. Amylase ndi lipase, zogayira chakudya zimene kapamba amapanga, nthawi zambiri zimakhala zabwino kapena zokwera pang'ono, CRP yoonetsa kutupa m'thupi chimodzimodzi. Wina akaona lipase yabwino asamati kapamba ali bwino.

AgogoAChisomo
Ana inu, manambala ndamva. Koma bambowo mwawauza chiyani? Amuna anga atadwala, ana anagwirizana zowabisira, iwo n'kumangoona anthu akunong'onezana pakhomo. Zinawapweteka kuposa matendawo. Munthu wamkulu amadziwa thupi lake.

MwanaWachisamba
Agogo, apo ndi pamene tikukangana ndi azichemwali. Iwo akufuna tiwauze kuti ndi matenda ochizika basi. Ine ndikuti tiwauze kuti madokotala akusiyanitsa zinthu ziwiri.

NamwinoWopuma
Auzeni zoona, mwaulemu, ndipo afunseni kuti akufuna kudziwa zochuluka bwanji. Adzafunika kusaina okha pepala lovomera singano ija. Angasaine bwanji chinthu chimene mwawauza kuti n'chosafunika?

Kambalame22
Komatu kuwauza mawu akuti khansa kungawafooketse, n'kusiya kudya. Ine mayi anga zinatero.

AgogoAChisomo
Pepani mwanawe. Anthu amasiyana. Koma amene amawadziwa bambowa ndi ana awo, akhale pansi onse pamodzi, asamauze wina izi wina izo.

Tsabola
Tibwerere ku magazi. A MwanaWachisamba anati CA 19-9 yakwera. Imeneyo si ya khansa? Ndiye yankho si lomwelo?

DokotalaWaMimba
Nayonso ili ndi mavuto ake ofanana ndi a IgG4. Malire ake ndi 37 U/mL. Koma njira ya ndulu ikatsekeka, chotseka chikhale mwala, kutupa kapena khansa, CA 19-9 imakwera. Munthu wachikasu ngati bambowa, kukwera kwake sikutiuza zambiri. Ndulu ikayamba kuyenda, mwachitsanzo akaika kapaipi, timayezanso. Ikatsika n'kubwerera m'malo, mtima umakhalako pansi. Ikamakwerabe chikasu chikutha, timada nkhawa. Ikakhala m'mahandiredi ambiri kapena masauzande, khansa imakhala patsogolo. Kumbali ina, anthu pakati pa 5 ndi 10 pa 100 alionse thupi lawo silipanga n'komwe CA 19-9 chifukwa cha chibadwa cha magazi awo, ndiye angakhale ndi khansa yaikulu nambala ili pansi.

Ziwirizi zikawerengedwa pamodzi zimathandizana. IgG4 yopyola kawiri ndi CA 19-9 yotsika zimakokera ku autoimmune pancreatitis. IgG4 yongodutsa pang'ono ndi CA 19-9 yokwera kwambiri zimakokera ku khansa. Bambowa ali pakati, ndiye singano ikufunika.

Ndinenenso chifukwa chimene timalimbikira chonchi. Mwa anthu amene amachitidwa opaleshoni yaikulu ija ya Whipple poganiziridwa khansa, awiri kapena atatu pa 100 amadzapezeka kuti anali ndi autoimmune pancreatitis. Amenewo anachotsedwa mutu wa kapamba ndi mbali ya matumbo pa matenda omva mapiritsi. Kulakwitsa kwa mbali inayo, kupereka mapiritsi kwa munthu wa khansa, n'koopsa koposa. Tikuyesetsa kupewa zonse ziwiri.

Mlimi_Wakale
Ine ndine mmodzi wa odwala mtundu woyamba. Ndinachira bwino ndi prednisolone, chikasu chinatha, sikani inayera. Koma IgG4 yanga sinabwererepo pansi pa malire. Ulendo uliwonse ndikalandira pepala manja amanjenjemera. Kodi ndiye kuti matenda akadalipo?

DokotalaWaMimba
Abambo, zimenezo zimachitika kwa odwala ambiri, imatsika koma osafika pansi penipeni. Sitichiza nambala. Ngati mulibe zizindikiro, magazi a chiwindi ndi a impso ali bwino, sikani ili bwino, sitiwonjezera mankhwala chifukwa cha IgG4 yokha. Chimene chimatidzutsa ndi ikayamba kukwera ulendo ndi ulendo, makamaka pamodzi ndi ALP kapena bilirubin, zoyezera chiwindi ndi njira ya ndulu. Apo timajambula msanga. Mtundu woyamba umabwerera mwa pafupifupi wodwala mmodzi pa atatu, makamaka amene njira zawo za ndulu za kumtunda, kufupi ndi chiwindi, zinakhudzidwa. Wachiwiri subwerera kawirikawiri. Kwa amene umawabwerera alipo mankhwala ena monga rituximab, ndipo mu 2025 bungwe la FDA ku America linavomereza inebilizumab pa matenda a IgG4.

Mlimi_Wakale
Zikomo a Dokotala. Chinanso kwa a MwanaWachisamba, muyang'anire shuga. Ine matendawa anabwera ndi shuga, ndipo nditayamba prednisolone anakwera kwambiri masabata oyamba, ludzu ndi kukodza usiku wonse. Kapamba ataphwa anadzatsikako.

MaiAMapasa
Amuna anganso anawayeza shuga asanayambe mankhwala. Muwapemphe ayeze HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi yapitayi.

MwanaWachisamba
Ndabwerako kuchipatala ndi mafunso amene munandipatsa. Bambo tawauza, tonse pamodzi, ndipo afunsa mafunso ambiri kuposa ife. Aika kapaipi m'njira ya ndulu, kuyabwa kwayamba kuchepa, CA 19-9 adzayezanso chikasu chikatsika. Nditafunsa za kanjira ka m'kapamba anati kuseri kwa chotupa sikanafutukuke kwambiri. Ndipo mayi akumbukira kuti chaka chatha bambo anatupa pansi pa chibwano mbali zonse, tinkayesa mano. Dokotala anagwirapo n'kupeza kuti pakadali timibulu tolimba, analemba m'faelo. Singano akuti adzalowetsa kudzera pakamwa ndi kachipangizo koonera m'mimba sabata yamawa. Prednisolone sanayambe.

DokotalaWaMimba
Zapansi pa chibwanozo n'zofunika kwambiri, mwachita bwino kuzitchula. Afunseni ngati angatengenso kanyama pamenepo, ndi posavuta kufikapo kusiyana ndi kapamba, ngakhale kuti sikalowa m'malo mwa ka kapambako pa nkhani yochotsa khansa. Pa singano ya sabata yamawayo, funsani ngati adzagwiritse ntchito yodula kachidutswa, osati yongoyamwa maselo. Yoyamwa imatha kuona khansa, koma kuti aone matenda enawa amafunika kachidutswa kathunthu, aone mmene zipsera zalukanira, timitsempha totsekeka, ndi kuwerenga maselo a IgG4 ngati apyola 10 pa malo amodzi oonera. Pa fomu yopita ku labu alembepo kuti akukayikira autoimmune pancreatitis kuti adzapake utoto wa IgG4, apo ayi sadzaupaka. Ngati bambo amamwa aspirin, warfarin kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi, auzeni madokotalawo mawa lomwe, kuti akuuzeni ngati aime ndi tsiku loimira.

MwanaWachisamba
Amamwa aspirin wa mtima. Ndiimba m'mawa.